Mkanachisanu: Tirigu wa ku Chongwe ndi Bwalo la Majini Ake

Ilire ng'oma! Ilire mbalule, ziyankhe zinzake zonse, bwalo lisesedwe, ana akhale pansi. Ilire m'bandakucha wa Julaye, mame ataumira pa udzu, mbuzi zitaunjikana m'khola, tambala akulira monyinyirika. Ilire pa mlatho wa Chongwe, imveke ku Kasisi. Ilire ku Kanakantapa, imveke ku Palabana. Ilire ku Chalimbana, msewu wa Great East unjenjemere. Lero tikutamanda wosagwada. Lero tikutamanda wobiriwira dziko lonse litayera mbuu. Lero tikutamanda Tirigu.

Inu a Tirigu! Inu Mkanachisanu. Inu Chigonapabwalo, wosapempha chofunda. Inu Mkango wa Juni, wodzuka nyama zina zikabisala. Inu Nkhwazi yotera pa mtsinje umene mbalame zonse zauthawa. Inu Njati yoima nji mwera ukuwomba kumaso. Inu bwenzi la msangu, mtengo wamakani uja wovula masamba mvula ikamagwa, wovala masamba mvula ikatha. Anzanu amadikira mitambo, inu mumadikira mphepo. Anzanu amalowa m'nkhokwe mu Meyi, inu mu Meyi ndi pomwe mumaboola nthaka. Anzanu amati dzinja ndiye moyo, inu mumati dzinja ndi la ana. Ndani wina adalamulirapo miyezi imene khasu limapuma? Ndani wina adaveka munda nsalu yobiriwira, tchire likupsa ndi lupsa uku ndi uko?

Dziko lanu nali, ngakhale simudabadwiremo. Dziko la Asoli. Dziko la Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, mwini nthaka, amene timayamba tawomba m'manja tisanatchule dzina lawo. Dziko lokwera mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, lofunda masana, loluma usiku. Dziko la mtsinje wa Chongwe, womeza Ngwerere, womeza Chalimbana, wotsetsereka m'mapiri kukagwada pamaso pa Zambezi, kumene njovu zimamwa zikupenya Zimbabwe kutsidya. Wotera pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda mu Julaye akasuzumira pansi amaona dziko lofiirira ngati chikopa cha mkango, ndipo pachikopapo mawanga obiriwira, ozungulira, aakulu. Mawangawo ndinu. Pivoti ikuzungulira, madzi akugwa popanda mtambo, inu mukumwa mutaweramitsa mphepo.

Kuzizira kumene kumapinda ena, inu kumakuchulukitsani. Njere imodzi, mphukira zambiri. Usiku wozizira, ngala yaitali. Masana ofatsa, njere yonenepa. Chimene mumadana nacho ndi chinyontho chotentha cha dzinja, mayi wa chiwawu, mayi wa nkhungu. Kodi si m'dzinja la 2017 kulowa 2018, uko ku Mpika, pamene nthenda ya wheat blast idaonekera koyamba pa nthaka ya Africa, a Batiseba Tembo a ku bungwe lofufuza zaulimi la ZARI ndi anzawo n'kuizindikira? Idagwira tirigu wodalira mvula. Inu a ku Chongwe mudasankha nyengo yanuyanu, nyengo ya milomo yong'aluka.

Tchulani tsono mdani wa nyengoyo, oimba ng'oma inu, ndipo mumutchule ndi ulemu, pakuti naye si mwana. Chisanu! Chisanu Kabwerachete. Chisanu Nyalugwe woyera. Chisanu chosabwera kuli mitambo, chosabwera kukuwomba mphepo, chodikira usiku wa nyenyezi zambirimbiri, nthaka itataya kutentha kwake konse kumwamba. Chisanu choyenda mayendedwe a madzi, chosiya mtunda, chokagona m'dambo. Chisanu cholowa m'dimba tambala asanalire. Chisanu chopsereza popanda moto. Funsani nthochi za m'mphepete mwa mtsinje, zikuonetsani masamba akuda bii. Funsani matimati, funsani maungu, funsani kholowa, funsani nyemba: dzulo zinali njo, lero zalendewera ngati wina wazithira madzi owira.

Chisanu sichibaya ndi mkondo. Chisanu chimapha ndi ludzu. Chimaundanitsa madzi a m'mipata ya pakati pa maselo, ndipo madzi oundanawo amakoka madzi a m'kati mwa selo, amakoka, amakokabe, mpaka selo lifote, khungu lake ling'ambike. Dzuwa likamatuluka tsamba lidafa kale. Ndiye Nyalugwe ameneyo, wakumwa madzi a m'thupi. Ali ndi akazitape ake, mabakiteriya a Pseudomonas syringae okhala patsamba pomwepo, omuyalira mphasa, oyambitsa kuundana kutangozizira pang'ono pansi pa ziro.

Nanga inu simuthawa bwanji, a Tirigu? Tiwerenge mzere wa makolo, tione. Mwana wa mapiri a Karacadağ ku Turkey, kumene a fuko lanu adayamba kulimidwa zaka pafupifupi 10,000 zapitazo. Mwana wa Tigris. Mwana wa Euphrates. Mwana wa mafuko atatu olowa m'thupi limodzi, la A, la B ndi la D. La D lidabwera ndi udzu wakutchire, Aegilops tauschii, wa kufupi ndi nyanja ya Caspian, udzu wonyozeka, wopondedwa ndi ziweto, koma wozolowera mphepo yoluma ya pakati pa Asia. Mkamwini ameneyu sadabwere chimanjamanja. Kuchokera apo mudakwera kumpoto, mudawoloka mitsinje youndana, mudagona pansi pa chipale chofewa ku Ukraine ndi ku Russia, n'kudzuka muli moyo. Barele ali ndi makoromozomu 14. Chimanga chili ndi 20. Mpunga uli ndi 24. Inu muli ndi 42. Buku la chibadwa chanu n'lalitali kasanu kuposa la munthu amene amakulimani, zilembo pafupifupi 16 biliyoni. Akatswiri a mayiko ambiri adalimbana nalo zaka 13, adalitsegula mu 2018 pa mtundu wotchedwa Chinese Spring, ndipo adawerengamo majini 107,891.

Majini 107,891! Mfumu iti idakhalapo ndi nduna zotere? Likulu liti lidasonkhanitsapo khamu lotere? Tsegulani chipata, tione bwalo la m'kati.

Woyamba ndi Mlonda, khungu lopyapyala lokuta selo. Mlonda Chimvakutali. Mlonda wosagona. Kukafunda amakhala wofewa, kukazizira amalimba, ndipo kulimba kwakeko ndiyo mfuu. Zipata zimatseguka. Kashiamu amakhamukira m'kati, mthenga wopanda miyendo, wothamanga kuposa gwape. Mphindi isanathe uthenga wafika kubwalo: Nyalugwe ali m'njira!

Achiwiri ndi nduna zogona ndi mkondo kumutu, ICE1 ndi mnzake CAMTA. Chidzutsamafumu ndi Chimvamthenga. Iwo salima, iwo sapalira, iwo amangodikira mawu amodzi. Akawamva amanyamuka, amapita kukagogoda pa khomo la wamkulu.

Ndipo wamkuluyo ndi uyu. Imani, amuna! Lulutani, amayi! CBF! CBF Mwinimbalule. CBF Chiyimbirankhondo. CBF Bingu la m'kati mwa selo. CBF wosachedwa kuvala: pa kachitsamba ka Arabidopsis adamuyesa, ndipo patangopita mphindi 15 chizizirireni, anali atayamba kale kuwomba. Dzanja lake limadziwa zilembo zisanu zokha, CCGAC. Paliponse pa DNA pamene zilembozo zalembedwa pakhomo, iye amagwira, ndipo wogona m'nyumbamo amadzuka. Amagwira apa, wadzuka. Amagwira apo, wadzuka. Woimba mmodzi, ovina oposa 100. Ng'oma imodzi, mudzi wonse uli chilili. Ovinawo ndiwo majini a COR, gulu lankhondo la nyengo yozizira, ndipo aliyense amatuluka ndi chida chake.

Atuluke ma dehydrin, Osungamadzi, mapuloteni ofungatira khungu la selo kuti lisang'ambike ludzu likafika. Atuluke WCS120, ngwazi imene a Fathey Sarhan ndi anzawo adaizindikira ku Montréal, yochuluka mwa tirigu wolimba, yochepa mwa tirigu wofooka. Atuluke WCOR410, woima pa linga penipeni. Atuluke COR14b wa kwa barele, mlonda wa timatumba tobiriwira ta m'tsamba momwe dzuwa limasanduka chakudya. Atuluke osonkhanitsa shuga, akundike m'tsinde, madzi a m'selo akhuthale, avute kuundana. Atuluke osintha mafuta a pakhungu, Mlonda alimbe koma asasweke. Atuluke ogwira madzi oundana pakhosi, mapuloteni amene a Marilyn Griffith adawapeza m'masamba a rayi ku Canada, okakamira pa kachidutswa koundana kuti kasakule mano. Atuluke onse! Nyalugwe akafika apeze mudzi uli maso.

Si ntchito ya usiku umodzi ayi. Kukatsika kufika cha m'madigiri 10 ng'oma imayamba. Usiku ndi usiku chishango chimakhuthala, sabata ndi sabata chimalemera, ndipo kukafunda chimapepukanso msanga. Usiku wa Meyi ndi chinamwali. Usiku wa Juni ndi mwambo. Usiku wa Julaye ndiyo nkhondo. Wosavinidwa amagwa ndi chisanu chimene wovinidwa amangochiseka. Ndipo mukadali mmera, a Tirigu, mtima wanu mumaubisa pansi pa nthaka. Nyalugwe adye nsonga za masamba, adye, akhute. Mtima ulipo. Mawa muphukanso.

Atamandidwenso amaso akuthwa, amene adasuzumira m'bwalo limeneli n'kutiuza mayina a nduna. Michael Thomashow wa ku Michigan State University, amene mu 1997 iye ndi anzake adagwira CBF1 padzanja, ndipo mu 1998 adaonetsa kuti mmera umene ng'omayi ikulira mosaleka umapirira chisanu ngakhale usanavinidwe. Kazuo Shinozaki ndi Kazuko Yamaguchi-Shinozaki a ku Japan, amene banja lomweli adalitcha DREB1, ndipo adaona mtengo wake wa ng'oma yosaleka: mmera umalimba, inde, koma umapinimbira. Jian-Kang Zhu ku Arizona, amene mu 2003 adatchula ICE1. Gábor Galiba wa ku Martonvásár ku Hungary, mlenje wolondola mapazi a chisanu pa koromozomu yachisanu ya tirigu. Jorge Dubcovsky wa ku Davis ku California, amene adavundukula VRN1 mu 2003, VRN2 mu 2004, VRN3 mu 2006. Ine pa onsewa ndimakonda nkhani ya ku Japan ija. Ukulu wa CBF si kulira kokha. Ukulu wake ndi kudziwanso nthawi yokhala chete, mmera ukule.

Koromozomu yachisanu! Phiri la nsonga ziwiri. Phiri loposa Sapitwa, ngakhale diso silingalione. Nsonga imodzi ndi Fr-2, mudzi wa a CBF okhaokha, oposa 10, ondandalikana khomo ndi khomo, mkulu ndi mng'ono, msuweni ndi mphwake. Kumene ali ambiri ng'oma imamveka patali. Barele wa Nure ndi wa Dicktoo, ogona m'chipale, adapezeka ndi makope ambiri a CBF ena kuposa Tremois ndi Morex, ofesedwa chisanu chitatha. Nsonga inayo ndi Fr-1, ndipo pansongapo pakhala mfumu ina, ya mtima wina, imene tiitchula posachedwa.

Ayambe adutsa abale anu, a Tirigu, pakuti simuli nokha m'banja la olimba. Adutse Rayi, mkulu wa onse, Chipembere cha kumpoto, wopirira madigiri 30 pansi pa ziro akavinidwa mokwanira. Adutse Norstar wa ku Canada, tirigu mnzanu, wogona m'zigwa za Saskatchewan kukuzizira kupitirira madigiri 20 pansi pa ziro, amene a Brian Fowler adamuyesa ndi kumuyesanso ku Saskatoon. Adutse Barele, wokwera mapiri a Ethiopia, wokwera ku Tibet mamita oposa 4,000, amene kunonso ku Zambia amathiriridwa m'nyengo yanu yomweyi kuti akakhale chimera cha mowa. Adutse, tiwawombere m'manja, apite.

Tsono nayi mfumu ya pansonga ija. VRN1! VRN1 Mwininthawi. VRN1 Chiwerengamasiku. VRN1 nkhoswe ya ukwati wa mmera. Mwa tirigu wa kumayiko a chipale, VRN2 amaima pachipata n'kunena kuti, usabereke, chisanu sichinathe. Masabata amapita, kuzizira kumapitirira, VRN1 amakula pang'onopang'ono, mpaka amukankhe VRN2 pachipatapo. Pamenepo VRN3 amanyamuka kutsamba, amayenda mpaka kumtima wa mmera, amati nthawi yakwana. Mtima umakwera. Ngala imabadwa. Koma inu a ku Chongwe simudikira masabata onsewo. VRN1 wanu adabadwa ali maso. Muli ndi magazi a ku Mexico, a m'minda ya CIMMYT, kumene Norman Borlaug, wolandira mphoto ya Nobel mu 1970, adasula tirigu wosafunsa kutalika kwa tsiku. Chishango chanu si cha Norstar. Chishango chanu n'chopepuka, chosokedwera Nyalugwe wa kuno, wobwera usiku, wothawa dzuwa likatuluka. Mukadali mmera chimakukwanani.

Pano ng'oma itsike pang'ono, pakuti wotamanda wonama ndi mdani wa mfumu. VRN1 akadzuka, CBF amayamba kutsitsa dzanja. Mwininthawi akalankhula, Mwinimbalule amafatsa. Ankhondo amabwerera m'nyumba. Mtima uja wobisika pansi pa nthaka tsopano uli pamwamba pa phesi, poyera, pamphepo. Tsiku la maluwa mfumu imatuluka yopanda chishango. Usiku umodzi wokha wotsika madigiri awiri kapena atatu pansi pa ziro, mungu wafa. Phesi lili njo, masamba ali biriwiri, koma ngala yayera, mulibe njere. Mkango wobereka ndi mkango wogwidwa. Ngakhale Rayi, ngakhale Norstar, tsiku la maluwa onse ndi makanda.

Ndani tsono aime pakati pa Nyalugwe ndi ngala? Ikwerenso ng'oma! Aime Mlimi. Mlimi Chiwerengamiyezi. Mlimi nduna yotsiriza ya bwalo, yosalembedwa m'buku la majini. Iye amadziwa kuti wofesa molawirira amapereka maluwa m'kamwa mwa Julaye. Iye amadziwa kuti wofesa mochedwa amapereka njere ku ng'anjo ya Okutobala ndi ku mvula yoyamba. Pakati pa chisanu ndi moto pali kanjira, ndipo kanjirako kamadutsa kumapeto kwa Epulo ndi m'mwezi wa Meyi. Iye amadziwa mbali ya munda imene mame amachedwa kuuma. Iye amadziwa chigwa chimene mpweya wozizira umagonamo. Iye amayang'ana kumwamba madzulo, akaona kuli ngwee, kopanda kamtambo, kopanda kamphepo, tulo take timakhala ta kalulu. Atamandidwe a m'mapulazi, oyenda ndi tochi pakati pa usiku kukaona ngati pivoti ikuyenda, nsapato zitanyowa, zala zitauma gwa. Atamandidwe otsegula mapampu. Atamandidwe opirikitsa mbalame njere zikayamba kukhwima. Atamandidwe a ku Mount Makulu ndi a ku Golden Valley, oyesa mitundu mzere ndi mzere. Atamandidwe a ku Kasisi, kumene sukulu ya alimi yakhala ikuphunzitsa chiyambire 1974, kumene nthaka imadyetsedwa manyowa isanafunsidwe zokolola.

Musakwiye, a Chimanga, sitinakuiwaleni. Ndinu mwini nkhokwe, ndinu mwini nsima, ndinu Njovu ya dzinja, ndipo m'Chongwe monse palibe khomo losakudziwani. Koma mudabadwira m'chigwa chofunda cha Balsas ku Mexico, zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, mwana wa udzu wa teosinte, ndipo chipale simudachione. Ng'oma ya banja la DREB1 nanunso muli nayo. Imalira, inde, koma ovina ndi ochepa. Kukatsika pansi pa madigiri 10 mumaima, masamba amachita chikasu, mizu imaleka kuyenda. Nyalugwe akakupezani m'dimba mulibe chinamwali chokupulumutsani. Komatu muli ndi asuweni kumapiri, uko ku Toluca, mamita oposa 2,500, a mapesi ofiirira ndi aubweya, olandira magazi a teosinte wa kumtunda, omera kumene chimanga cha kuchigwa chimalira. Mpunga nawo uli ndi mlonda wake, COLD1, amene a Kang Chong ndi anzawo ku Beijing adamutchula mu 2015, wothandiza mpunga wa japonica kukwera kumpoto. Mapira, mawere ndi mchewere, ana a nthaka ya Africa, mphepo amaiopa, koma dzuwa amaliyang'ana m'maso. Aliyense ndi nkhondo yake.

Nkhondo ziwirizi zili pachibale. Chisanu chimapha ndi ludzu, chilala chimapha ndi ludzu, mimba yawo ndi imodzi. Pa khomo lomwe lija la zilembo zisanu amagogoda DREB1 kukazizira, amagogodanso mbale wake DREB2 kukauma. Ma dehydrin omwe aja amatuluka pa mfuu zonse ziwiri. Ndipo Chongwe amadziwa ludzu kuposa mmene amadziwira chisanu. Ndani waiwala 2024? Pa 29 Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema adalengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse. Chimanga chidaumira m'mizere chili ndi ngayaye. Kariba idatsika, magetsi adasowa, mapampu adakhala chete maola ambiri. Chaka chimenecho ngakhale inu, a Tirigu, mudadziwa kuti Mkanachisanu naye amamwa madzi. Choncho wofufuza ng'oma ya chisanu ku Michigan, ku Martonvásár kapena ku Beijing asaoneke ngati wosaka nyama ya kutali. Akusaka m'nkhalango yomwe muli nyama yathu.

Tsono tembenukirani ku Chalimbana, muone chodabwitsa. Kumeneko Nyalugwe adamangidwa chingwe. Kumeneko Chisanu ndi kapolo. Kumeneko kuli SPGRC, nkhokwe ya mbewu ya mayiko a SADC, yokhazikitsidwa mu 1989 mothandizana ndi mayiko a Nordic. Nkhokwe ya nkhokwe zonse. Nkhokwe yosadyedwa m'njala. Nkhokwe yosalowa nankafumbwe. M'menemo mwagona mapira a agogo, mawere a agogo, mchewere, chimanga cha makolo, nzama, khobwe, zochokera ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique, ku Tanzania, ku Lesotho kwa mapiri achisanu. Amayamba aumitsa mbewu mpaka madzi atsale ochepetsetsa, amazimata m'mapaketi osalowa mpweya, amazigoneka pa madigiri pafupifupi 20 pansi pa ziro. Kuzizira kumene kungaphe munda wonse wa mapira usiku umodzi, njere youma ya mapira imagonamo zaka makumi. Nyalugwe amafika, amanunkhiza, sapeza madzi oti amwe, amasanduka mlonda. Ndipo m'kati mwa njere youmayo muli ndani? Ma dehydrin omwe aja, Osungamadzi, amene mbewu iliyonse imadzikundikira ikamakhwima. Kutali kumpoto, ku Svalbard m'dziko la Norway, kuli nkhokwe inzake ya m'phanga la phiri loundana, yotsegulidwa mu 2008. Svalbard ali ndi phiri lake. Ife tili ndi Chalimbana.

Chalimbana Chisungambewu! Chalimbana mlosi wa mawa! Jini imene idzapulumutse mdzukulu wosabadwa mwina yagona m'paketi imodzi m'menemo, yotoledwa m'nkhokwe ya gogo wina amene dzina lake silidalembedwe. Mayi ameneyo naye alandire nthungululu, pakuti adasankha ngala chaka ndi chaka, adapachika pamwamba pa moto, adakana kuphika mbewu ana akulira njala.

Ogasiti wafika, mphepo ya fumbi yayamba, ndipo inu mwadutsa, a Tirigu. Mwadutsa Juni. Mwadutsa Julaye. Mwadutsa usiku wa nyenyezi zambiri. Maluwa adatuluka Nyalugwe atatembenuka kale. Onani ngala zikuwerama! Onani munda ukuchita mafunde ngati Kariba yodzaza! Onani kubiriwira kukusanduka golide! Seputembala akuwotcha, Okutobala akubwera, makina okolola akubangula m'munda, matani oposa 6 pa hekitala kwa mlimi amene madzi sadamuthawe. Malole akukwera msewu wa Great East kupita ku zigayo za mu Lusaka. Fulawa akutsika. Buledi akutuluka mu uvuni. Mabanzi ali pa msika wa Chongwe, zitumbuwa zikusambira m'mafuta pa siteshoni, mwana wa sukulu wagwira chake m'manja. Inu Mkanachisanu, mwalowa m'nyumba za anthu amene sadaonepo munda wanu!

Tsopano kumwamba kwayamba kuda. Ng'oma za Asoli zayamba kulira kwa Nkomeshya. Mwambo wa Chakwela Makumbi wafika, Mfumu Yaikulu yatuluka kukapempha mvula kwa Mulungu ndi makolo, yagwira khasu, yaponya mbewu yoyamba m'nthaka. Perekani bwalo, a Tirigu, nyengo yanu mwaigwira ndi manja awiri. Msangu wayamba kuvula. Mphezi yang'anima cha ku Rufunsa. Alowe Mapira! Alowe Mawere! Alowe Chimanga, Njovu ya dzinja, ndi mbumba yake yonse! Oimba ng'oma, sinthani kawombedwe, amayi, kwezani nthungululu, anyamata, tulutsani ng'ombe m'khola, goli lili pakhomo!